Ulendo wa tchuthi kuchokera m'chigawo cha Tete: kulipira ajensiya, kudzikonzera nokha, kapena kuyenda ndi gulu

Mbatata ya kachewere ikagulidwa ku Angónia ndi ku Tsangano, kapena anthu ogwira ntchito ku Moatize ndi mumzinda wa Tete akalandira masiku awo a tchuthi, m'mabanja ena mumayamba kukambidwa za ulendo wokapuma. Ena amafuna kukaonetsa ana nyanja, ena amafuna kukaona nyama zakutchire, ndipo alipo achikulire amene akhala akusunga ndalama zaka zambiri kuti tsiku lina adzakapemphere ku malo oyera akutali. Funso limene limavuta onsewa ndi lakuti kodi ndi bwino kupita ku ajensiya ya maulendo n'kulipira kuti akonzeretu zonse, kapena kudzikonzera okha ndi foni yawo. Ine ndinayesapo njira zonse ziwiri, ndinayendaponso ndi magulu, ndipo chimene ndinaona n'chakuti mtengo wa ajensiya sitiyenera kuuyeza pa tsiku logula tikiti koma pa tsiku limene zinthu zasokonekera. Ngati vuto likagwa panjira mungathe kulikonza nokha ndi chilankhulo chanu, abale anu ndi ndalama ya m'thumba, palibe chifukwa cholipirira munthu wina. Ngati simungathe, ndalama ya ajensiya siikhala yotayika.

Tiyambe ndi maulendo apafupi, chifukwa ndi amene anthu ambiri a kuno amayenda, ndipo ndi pamene kudzikonzera nokha kumapambana kutali. Munthu wa ku Ulónguè amene akufuna kupita kunyanja ya Malawi amadutsa malire a Calómuè n'kulowa ku Dedza, kenako amatsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, ndipo akafika kuchigwa amasankha kulowera ku Salima ndi Senga Bay kapena ku Monkey Bay ndi Cape Maclear. Wa mumzinda wa Tete amadzera ku Zóbuè n'kutulukira ku Mwanza. Nzika ya Mozambique siifunika viza kuti ikacheze masiku ochepa ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe, koma pasipoti yosatha nthawi ndiyo yofunika, ndipo imaperekedwa ndi SENAMI, ofesi ya boma yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, osati ndi ajensiya iliyonse. Chilankhulo ndi chathu chomwechi, nsima ndi yomweyi, ndipo magalimoto amayenda mbali ya kumanzere ngati kwathu kuno. Pa ulendo wotere wa ajensiya amene wakhala mu ofesi ku Tete kapena ku Maputo sangakuuzeni chinthu chimene dalaivala wa chapa (minibasi) woyenda msewu wa Calómuè tsiku lililonse sakudziwa.

Ndinapita ndi banja langa ku Senga Bay mwezi wa Ogasiti chaka china, tili anthu 6 m'galimoto yobwereka kwa mlamu wanga. Zonse ndinakonza ndekha pa masabata awiri: ndinaimbira malo ogona atatu, ndinafunsa mtengo wa chipinda chokhala ndi masikito, ndinapempha kuti anditumizire zithunzi pa WhatsApp, ndipo ndinasankha malo amene anavomera kuti tiziphika tokha. Tinanyamula ufa, nyemba ndi kachewere wa kwathu, chambo tinkagula kwa asodzi m'mawa ngalawa zikamakocheza. Pobwerera tinaima ku Mua, kumene kuli malo osungira za chikhalidwe a Kungoni amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, ndipo ana anaona zigoba za gule wamkulu zochuluka kuposa zimene anaonapo kumudzi. Kuima kumeneku sitinakukonzeretu. Tinangogwirizana m'galimoto momwemo. Ufulu wotere, wosintha njira chifukwa mwana wafunsa funso, sumapezeka pa ulendo umene munthu wina anaulemba pa pepala n'kuulipiritsa.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo wodzikonzera yekha ayenera kusenza yekha zimene ajensiya ikanamukumbutsa. Galimoto ya ku Mozambique ikamalowa ku Malawi imafuna chilolezo cholowera kwa kanthawi ndi inshuwalansi yogwira ntchito m'dzikomo, ndipo ngati galimotoyo si yanu pamafunika kalata ya mwini wake yokulolani kutuluka nayo. Ine za kalatayi sindinkadziwa, moti tinakhala pamalire maola angapo ana akulira ndi njala, mpaka nkhaniyo inakonzeka mlamu wanga atabwera yekha pa njinga yamoto. Mwana woyenda ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali ake amafunsidwanso kawirikawiri kalata yovomereza ya makolo, ndipo ndi nzeru kuisainitsa kwa notaliyo musananyamuke. Za ndalama nazo zimafuna maso: mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya malo ogona inasintha, ndipo pakhala nyengo zimene mafuta a galimoto ankasowa m'dzikomo, choncho wanzeru amadzaza thanki asanadutse malire. Onjezani kuti ife a kumapiri ozizira tikatsikira kunyanja timakumana ndi udzudzu wambiri, ndipo madzi osayenda a m'mabango amakhala ndi likodzo. Zonsezi ndi zinthu zimene mungafunse kwa mnansi amene anapitako chaka chatha, ndipo akuuzani kwaulere.

M'chigawo chathu momwe muno nkhani ya ajensiya ilibe malo kwenikweni. Songo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kuchokera mumzinda wa Tete, ndipo amene akufuna kuona damu la Cahora Bassa, limene linamalizidwa mu 1974 n'kubwerera m'manja mwa Mozambique mu 2007, angofunsiratu kwa oyang'anira damulo za chilolezo choyandikira khoma lake. Tchalitchi chakale cha ku Boroma chili pafupi ndi mzinda, ulendo wa tsiku limodzi. Chofunika n'kusankha mwezi, pakuti kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo mwana wokulira ku Angónia sachedwa kufooka nako.

Zinthu zimayamba kusintha ulendo ukakhala wa m'dziko mwathu koma wakutali. Kupita ku Vilankulo pa galimoto kumafuna kutsika msewu wa EN7 kulowera ku Chimoio, kukhota pa Inchope, n'kutsata EN1 kudutsa mtsinje wa Save, ndipo zigawo zina za msewu umenewu zakhala zoipa kwa zaka. Ku Ilha de Moçambique, chilumba chimene UNESCO inachiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1991, ambiri a ku Tete amapita podutsa m'Malawi, kulowa pa Mwanza n'kutuluka pa Muloza kupita ku Milange ndi Mocuba, kutanthauza kuti mapepala a pamalire amafunika kanayi pa ulendo umodzi wopita ndi kubwera. Pa maulendo otere ine ndimakonda kugawa ntchito. Mayendedwe ndi malo ogona ndimakonza ndekha, koma zinthu zimene zimafuna chilolezo, boti kapena wotsogolera ndimagula kwa anthu ovomerezeka a pamalopo. Boti lochokera ku Vilankulo kupita kuzilumba za Bazaruto, zimene zili malo otetezedwa kuyambira 1971, si chinthu chochitira malonda ndi mnyamata aliyense wokupezani pamchenga. Wovomerezeka amakhala ndi majekete oyandamitsa, amadziwa nthawi ya mafunde, ndipo amakuuzani ngati ndalama yolowera m'malo otetezedwawo ili kale mu mtengo. Ku paki ya nyama ya Gorongosa nako amatseka m'miyezi ya mvula yambiri, ndipo kuona nyama kumachitika ndi magalimoto ndi otsogolera a pakiyo, choncho kulankhula nawo mwachindunji musananyamuke kumakwanira. Apa ajensiya ya mumzinda ingathandize munthu wotanganidwa, koma ikungoimba mafoni amene inunso mukanaimba.

Pamene ajensiya yabwino imaonetsa ntchito yake ndi pa ulendo wa pa ndege wopita kunja, makamaka ngati woyendayo ndi wachikulire kapena sanakwerepo ndege. Azakhali anga anasunga ndalama za fodya ndi za mbuzi kwa zaka zambiri kuti akafike ku Fátima, ku Portugal, pa mwambo wa Akatolika wa pa 13 Meyi. Atandiitana anati, “Mwana wa achimwene, inu mumadziwa za mafoni, mundigulire tikiti yotchipa.” Ndinawayankha kuti, “Azakhali, tikiti ndikhoza kugula, koma ndege ikakusiyani pa bwalo lachilendo usiku, ine ndili kuno ku Ulónguè, ndidzakuthandizani bwanji?” Anakhala chete pang'ono, kenako anavomera kuti tipite ku ajensiya.

Zimene wa ajensiya anachita pa ulendo umenewo n'zofunika kuzifotokoza bwino, chifukwa ndi zimene munthu amalipirira. Choyamba, anatiyalira mapepala a viza ya Schengen, yolowera ku Portugal ndi maiko ena a ku Ulaya, mwa dongosolo lake: inshuwalansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000, umboni wa malo ogona, umboni wa ndalama za ku banki, ndi umboni wakuti woyendayo ali ndi zomubweza kwawo. Anatiuza poyera kuti viza amapereka ndi akazembe a Portugal, amene ali ndi maofesi ku Maputo ndi ku Beira, kuti azakhali ayenera kukaonekera okha kukadinda zala, ndiponso kuti ndalama yofunsira viza siibwezedwa ngakhale akakanidwa. Kuyambira mu Juni 2024 ndalamayo ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu. Chachiwiri, sanatigulitse tikiti yosabwezeka viza isanatuluke. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, anaika ndege zonse pa tikiti imodzi. Ndege zikakhala pa tikiti imodzi, yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, kampani ya ndege ndi imene ili ndi udindo wokukwezani ina. Zikakhala pa matikiti awiri ogulidwa padera, monga zimachitikira kawirikawiri munthu akamasakasaka mtengo wotsika pa intaneti, tikiti yachiwiriyo imangopsa, ndipo nthawi zambiri ndi ulendo wobwerera womwe. Kusiyana kumeneku sikuoneka pa foni pamene mukuyerekeza mitengo. Kumaoneka pa tsiku la tsoka. Anapemphanso kuti azakhali azilandiridwa ndi njinga ya olumala pa bwalo lililonse, chinthu chosalipiritsa chimene ine sindikanachiganizira, ndipo ndi chimene chinawafikitsa pa khomo loyenera popanda kusochera.

Pali mfundo ina imene ajensiya yodziwa dera lathu imatha kuitchula pamene makompyuta sangaitchule. Munthu wa ku Angónia ali pafupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe kusiyana ndi bwalo la Chingodzi ku Tete, ndipo kuchokera ku Lilongwe kuli ndege zopita ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg popanda kuyamba watsikira ku Maputo. Nthawi zina njira imeneyi imapulumutsa ndalama ndi tsiku lathunthu, nthawi zina ayi, malinga ndi nyengo. Wa ajensiya amene sakufuna n'komwe kuyerekeza njira ziwirizi mukamufunsa, ndiye kuti akungogulitsa zimene anazolowera.

Sindikufuna kuti ndimveke ngati ndikuti ajensiya iliyonse ndi yabwino, pakuti inenso ndinapwetekedwapo. Chaka china ndinalipira ndalama ya tikiti yopita ku Maputo kwa munthu amene ankadzitcha wa ajensiya, ndipo ananditumizira pepala looneka bwino lokhala ndi dzina langa, tsiku, ndi nambala ya zilembo 6. Nditafika pa bwalo la ndege anandiuza kuti malowo anangosungitsidwa koma sanalipiridwe, ndipo anafufutidwa kale. Foni ya munthu uja sinkayankhidwanso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo pa nkhani ya ndege fodya wa pamphuno ndi nambala ya tikiti ya manambala 13, osati nambala yosungitsira malo ya zilembo 6. Mukalandira pepala, lowani pa tsamba la kampani ya ndegeyo kapena imbani ku ofesi yake, perekani nambalayo ndi dzina lanu, ndipo mutsimikize kuti tikiti yatulukadi musanachoke pamaso pa amene wakugulitsani.

Kuchokera tsiku limenelo ndimayang'ana zinthu zingapo ndisanapereke ndalama. Ajensiya yeniyeni imakhala ndi ofesi imene mungabwerereko mawa, imakhala ndi alvará (chiphaso cha bizinesi) yopachikidwa poonekera, imapereka fatura (lisiti) yokhala ndi NUIT, nambala yake ya msonkho, ndipo ndalama imalandirira mu akaunti ya kampani, osati pa nambala ya M-Pesa kapena e-Mola ya munthu. Zambiri mwa zokhazikika zili m'bungwe la maajensiya a maulendo la AVITUM, ndipo zogulitsa matikiti a ndege zakunja zimakhala ndi chivomerezo cha IATA, bungwe la makampani a ndege a padziko lonse, kapena zimagwira ntchito kudzera mwa amene ali nacho. Aliyense wolonjeza kuti viza ituluka mosakayika, kapena wolengeza pa Facebook ulendo wa ku Dubai pa mtengo wosakwana ngakhale tikiti yokha, muthaweni. Funsaninso mosabisa kuti ndalama ya ntchito yawo ndi zingati, chifukwa ena amaitchula padera pamene ena amaibisa mu mtengo wa chipinda kapena wa tikiti, ndipo amene amalandira kangachepe kuchokera ku hotela inayake amakonda kukankhira makasitomala onse komweko.

Ngakhale ajensiya yokhulupirika ili ndi kuipa kwake kumodzi kumene anthu ambiri sakudziwa. Tikiti yogulidwa kudzera mwa iwo, mukafuna kusintha tsiku kapena kubwezeredwa ndalama, kampani ya ndege imakubwezani kwa iwo omwewo. Ngati ofesi yawo imatseka Lachisanu madzulo n'kutsegula Lolemba, ndipo maliro akugwerani Loweruka muli kunja, mudikira. Choncho funso limodzi lofunika kuposa onse ndi lakuti, kodi muli ndi nambala imene imayankhidwa usiku ndi pa Sabata? Mu 2020, malire atatsekedwa chifukwa cha Covid-19, anthu ambiri anaphunzira kusiyana kwa ajensiya imene imatsatira ndalama za makasitomala ake mpaka zitabwera ndi imene imangozimitsa foni.

Kugula nokha pa intaneti kuli ndi malo ake, ndipo kwa wachinyamata wodziwa Chipwitikizi kapena Chingerezi, amene akukwera ndege imodzi yokha yopita ku Maputo kapena ku Johannesburg, palibe chovuta. Amaona mitengo ya masiku osiyanasiyana, amasankha yekha, ndipo salipira wina aliyense pakati. Langizo langa n'lakuti mitengo muyerekeze paliponse pamene mukufuna, koma pogula mugule pa tsamba la kampani ya ndegeyo, chifukwa masamba ena apakati ali kunja, alibe ofesi kuno, ndipo vuto likagwa mulankhula ndi makina. Dziwaninso kuti pamafunika khadi ya ku banki yololedwa kulipira kunja, ndipo m'zaka zaposachedwa kusowa kwa ndalama zakunja kwachititsa mabanki ena a m'dziko muno kuchepetsa zimene makhadi angalipire kunja. Ajensiya imalandira mametikali pamanja kapena kudzera ku banki, ndipo kwa mlimi amene ndalama yake imabwera kamodzi pa chaka, ichi chokha chingathe kugamula nkhani.

Njira yachitatu, imene alendo ochokera kutali saidziwa koma ife timaidziwa bwino, ndi kuyenda ndi gulu: la mpingo, la kwaya, la amayi osunga ndalama pamodzi, kapena la mfumu ndi anthu ake. Chitsanzo chachikulu ndi Kulamba, mwambo umene Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi Loweruka lomaliza la Ogasiti. A ku Chifunde ndi a mumzinda wa Tete amadzera pa Cassacatiza n'kulowa ku Zambia pa Chanida, pamene ena a ku Angónia amadutsa m'Malawi mpaka ku Mchinji ndi Chipata. Gulu limatsitsa mtengo wa galimoto, limaphika mphika umodzi, ndipo wodwala panjira sasiyidwa yekha. Kufooka kwake n'kwakuti zonse zimatsamira pa munthu mmodzi wosunga thumba ndi mndandanda, amene sanaphunzire ntchitoyi ndipo salipidwa. Pasipoti imodzi yotha nthawi imaimitsa anthu 30 pamalire. Gulu labwino limasankha anthu awiri osunga ndalama, limalemba chilichonse m'kope, limayang'ana mapasipoti onse mwezi umodzi ulendo usanafike, ndipo limachita pangano lolembedwa ndi mwini galimoto lonena amene adzalipire mafuta, mapepala a pamalire ndi chakudya cha dalaivala. Gulu likafuna kukwera ndege, monga a mpingo opita ku Fátima kapena ku Roma, pamenepo ndi pofunika kuphatikiza njira ziwiri: gulu lisonkhe ndi kusankha, koma matikiti ndi malo ogona akonze ndi ajensiya yovomerezeka, chifukwa makampani a ndege ali ndi mitengo ndi malamulo apadera a magulu amene munthu wamba sawapeza pa foni.

Chinthu chimene sichisamala kuti mwasankha njira iti ndi mvula. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, mu Marichi 2019 Idai anadula msewu wa ku Beira, ndipo mu Marichi 2023 Freddy anawononga misewu ya kumwera kwa Malawi ndi ku Zambézia. Tchuthi chachikulu cha ana asukulu kuno chimagwa mu Disembala ndi Januwale, pamene mvula ili pakati, ndipo ndi nthawi yomweyo imene mitengo ya matikiti ndi zipinda imakwera. Woyenda pa galimoto m'miyezi imeneyi asalipiretu zonse, asiye tsiku limodzi kapena awiri opanda zochita, ndipo asankhe malo ogona amene amalola kusintha tsiku. Wogula kwa ajensiya apemphe kuti amulembere pa pepala zimene zidzachitike msewu ukaduka kapena ndege ikalephereka, ndalama zingati zidzabwezedwe ndiponso patapita masiku angati.

Chaka chino mwana wanga wamkulu akufuna kuti tipite ku mathithi a Victoria, kudzera pa Cuchamano ndi Nyamapanda mpaka ku Harare ndi Bulawayo. Ulendo umenewo tiukonza tokha, pa basi, mwezi wa Juni pamene madzi akadali ambiri ndipo misewu yauma, ndipo ndayamba kale kufunsa madalaivala a malole amene amayenda njira ya Nyamapanda za nthawi yabwino yofikira pamalire. Azakhali nawo ayambanso kusunga ndalama, akuti akufuna kukaona Roma asanafooke miyendo, ndipo anditumiza kuti ndikafunse ku ofesi ija ngati mayi amene anawakonzera za ku Fátima akadagwirabe ntchito kumeneko.